A Eusébio ndi Sedula ya M'chitini

Aliyense amene anathyokerapo sipoko pa msika wa Milange amawadziwa a Eusébio. Amakhala kuseri kwa ogulitsa usipa, pansi pa mtengo wa mango umene unasiya kubala chifukwa chomwa mafuta a njinga, atazunguliridwa ndi matayala akutha ndi beseni la madzi akuda loyeseramo machubu. Ndi munthu wamfupi wa manja aakulu, ngati anachita kubwereka kwa mnzake. Njinga imene yasenza matumba atatu a chimanga kuchokera ku Majaua mpaka gudumu kupindika, iwo amangoigogoda ndi sipanala n'kukuuzani kuti mukamwe tiyi mubwere. Agalu sawaopa, njoka saziopa, ngakhale apongozi awo ankawapatsa moni osapatuka panjira. Koma muwaonetse pepala lokhala ndi chidindo, muona munthu wamkulu akusanduka mwanapiye wonyowa.

Anzawo a pamsika amadziwa zimenezi, ndipo malonda akavuta amasangalala nazo. Wina amangotola envulopu yakale, n'kubwera nayo nkhope ili gwa, n'kunena kuti a ku boma akufunsa za munthu wokonza njinga. Sipanala imagwa pomwepo. Timaseka, inde, koma amene amadziwa kumene mantha amenewa anachokera amaseka mochepa.

A Eusébio anabadwira ku Majaua, ndipo nkhondo itafika kumeneko anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Bambo awo anali atalembetsa dzina m'kope la mlembi wa mudzi pofuna kulandira khasu ndi mbewu. Kopelo linagwa m'manja mwa anthu a mfuti. M'mawa wina anthuwo anaimika mudzi wonse padzuwa, mmodzi anatsegula kope lija n'kuyamba kuitana mayina, akunyambita chala potembenuza tsamba. Oitanidwawo anatengedwa kukasenza katundu. Bambo awo anali achisanu ndi chiwiri, ndipo sanabwerenso. Otsala anaoloka mtsinje kukakhala m'misasa ya ku Muloza, kumene a Eusébio anaphunzira kukonza njinga. Pobwerera kwawo nkhondo itatha anabwera ndi zinthu ziwiri: bokosi la masipanala, ndi chikhulupiriro chakuti dzina likakhala m'kamwa ndi lako, koma likalowa m'pepala ndi la aliyense wodziwa kuwerenga.

Anakwatira mayi Armanda, mkazi wamtali wosachedwa kuganiza, ndipo mwana wawo woyamba anamutcha Dulce. Chaka chomwecho ku Majaua kunabwera gulu la boma lolembetsa ana, linakhala masiku atatu pa sukulu. A Eusébio anakumbukira mwadzidzidzi kuti kumunda kuli anyani, n'kukakhala komweko mpaka gululo linachoka. Mayi Armanda anapita okha ndi mwana kumsana, n'kubwera ndi sedula, kabuku ka kubadwa kaja kamene mwana akapanda kukhala nako sukulu imamuyang'ana ngati mlendo. Anakaika m'chitini cha mabisiketi, pamodzi ndi singano ndi mabatani.

Dulce sanafike zaka ziwiri. Malungo anamutenga dzinja lina mvula itadula msewu. Adzukulu anakumba manda, wowatsogolera ali Silvestre, mnyamata wamphamvu wa pakamwa posatopa. Katekisita analemba dzina la mwanayo m'buku la akufa la kutchalitchi, ndi tsiku limene anabadwa. A Eusébio sanafune kuti pamtanda palembedwe chilichonse, ndipo chiswe chitadya mtandawo sanaikenso wina.

Patapita miyezi kunabadwa mtsikana wina, Belinha. Gulu lolembetsa ana lija silinabwerenso. Banjalo linasamukira m'tauni ya Milange kutsata njinga, ndipo za Dulce sizinatchulidwenso m'nyumbamo. Belinha atafika msinkhu wa sukulu, aphunzitsi anafuna sedula. Kulembetsa mwana wamkulu kale kunkafuna kupita ku ofesi ndi mboni ziwiri, kukayankha mafunso pamaso pa munthu wogwira cholembera. A Eusébio anapitako katatu. Katatu konse anafika pageti, kuwerenga mawindo, n'kubwerera kunyumba kukanena kuti apeza potseka. Ulendo wachitatuwo mayi Armanda anaimirira. Anangotsitsa chitini cha mabisiketi, kuchotsa singano, n'kunena kuti mwana anamwalira koma pepala silinamwalire.

Musaganize kuti anayamba ndi iwo. Kuno kumalire alipo ambiri amene anaphunzira pa pepala la msuweni, ena anakwatira pa la mkulu wawo, ndipo munthu kukhala ndi dzina lina tsidya lino, lina tsidya lija, si nkhani yoimitsira njinga. Belinha anauzidwa kuti Dulce ndi dzina lake la kusukulu, ndipo iye sanadabwe, pakuti theka la anzake linali ndi dzina la kunyumba ndi la m'kaundula. Papepala anali wamkulu ndi zaka ziwiri. Aphunzitsi akadandaula kuti mwanayu ndi wokwinimbira, mayi Armanda ankanamizira chinangwa.

Akanakhala mwana wa mutu wouma ngati enafe, nkhani ikanathera pomwepo: zaka zinayi, zisanu, kenako kumunda. Koma Belinha anali wanzeru mochititsa mantha. Ankakhoza chaka ndi chaka, ndipo pepala lililonse linkabala linzake. Sedula inabala satifiketi, satifiketi inabala bilyeti, chitupa chokhala ndi chithunzi chake ndi chala chake, bilyeti inabala malo ku yunivesite ina ya ku Quelimane, kumene anapita kukaphunzira uphunzitsi wa masamu. Tsiku limene anakwera basi, a Eusébio anakonza njinga zitatu osalandira kanthu chifukwa cha chimwemwe, kenako anakasanza kuseri kwa mtengo wa mango. Ankaona nyumba yosanja ikukwera pa nsanamira imene iwo ankadziwa kuti m'kati mwake ndi chiswe chokhachokha.

Silvestre uja nayenso anali atasamukira m'tauni. Anasiya fosholo n'kuyamba kugula nyemba pa sikelo, anagula njinga yamoto, n'kuyamba kuyenda mimba patsogolo. Mwana wake Ednilson anamuona Belinha pa tchuthi n'kutuma anthu kukafunsira. Belinha anayankha mwaulemu kuti panopa anatomeredwa ndi masamu. Ednilson anaiwala pasanathe mwezi, koma bambo wake sanaiwale. Zoti mwana wa wokonza njinga angakane mwana wa mwini sikelo zinamukhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Tsiku lina masana, Belinha ali chaka chachiwiri, Silvestre anafika pansi pa mango akukankha njinga yopanda vuto lililonse. Anakhala pa tayala, anafunsa za kunyumba, anatamanda mvula, kenako analankhula mokweza kuti ogulitsa usipa amve.

"Achimwene, ine manda ndakumba ambiri. Koma sindinaonepo munthu amene ndinamukwirira ndi manja angawa akukhoza mayeso chaka ndi chaka."

Mdzukulu ali ndi ufulu woseka maliro, choncho anthu anaseka osadziwa chimene akuseka. Silvestre anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. Anati wachokera ku Majaua, ndipo buku la katekisita likadalipo, makoswe anangodya m'mphepete. Chatsala ndi pepala la ku Quelimane, lokhala ndi dzina lomwelo ndi tsiku lobadwa lomwelo. Mapepala awiriwo akadzakumana patebulo la munthu wa chidindo, mtsikanayo adzabwera kumudzi ndi sutikesi pamutu. Anati iye akadzionetsa kumeneko ngati malume a mtsikanayo, ndipo munthu ukalowa mu ofesi ndi jekete ndi nkhuku palibe kabati imene imakhala yotseka. Koma mtsikanayo akabwera yekha n'kudzamva bwino mawu a Ednilson, iye sadzavutika ndi ulendo.

Kuyambira tsikulo a Eusébio anasiya kukhala mmisiri. Ankamata chigamba pambali pa bowo. Wina anamumangira mabuleki mopingasa, munthuyo n'kukaima ndi mapazi pa mpanda wa msika. Galimoto ya boma ikadutsa ankabisa mutu m'beseni ngati akufufuza thovu. Mayi Armanda ankawauza kuti Silvestre ndi ng'oma yobooka, koma iwo ankayankha kuti mlandu suola, ndipo nawonso mayiwo anayamba kuthira mchere kawiri m'ndiwo.

Kenako anamva kuti Silvestre wakwera basi ya ku Quelimane, atavala jekete, tambala m'khwapa. Patatha masiku atatu anabwera wopanda tambala. Sanafike pansi pa mango, sananene kanthu kwa munthu. Ankangodutsa pa njinga yake yamoto maso kutsogolo. Akanabwera kudzanyada, bwenzi zili bwino. Kukhala chete kumeneko kunawauza a Eusébio kuti pepala lili m'thumba la jekete, likungodikira tsiku lake.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Munthu amene analephera kulowa pageti la ofesi ya kwawo anasita jekete la ukwati, anamanga nyemba m'kathumba, n'kunena kuti akupita ku Quelimane. Mayi Armanda atafunsa chimene akukachita, anati akufuna akaone ndi maso awo zimene zalembedwa za mwana wawo, ndi amene wazigwirapo. Chimene sananene n'chakuti m'mutu mwawo munali nzeru ina: akangowapatsa mapepalawo m'manja, mlembi n'kutembenuka, tsamba limodzi munthu akhoza kulimeza. Belinha sanamuimbire foni. Akanamuuza kuti abwera kudzatani?

Ulendo wonse, kuchokera ku Milange kukafika ku Mocuba, kusintha galimoto mpaka ku Quelimane, anakhala atakumbatira nyemba. Apolisi a pamsewu atapempha mabilyeti, iwo anatulutsa yawo galimoto isanaime. Ku Quelimane anapeza kutentha kwa mtundu wina, konyowa, ndi njinga zonyamula anthu zochuluka ngati nyerere. Ngakhale mtima unali m'mwamba, khutu la ntchito silinagone: anamva matcheni ouma ndi magudumu olira, n'kuganiza kuti tauni imeneyi ilibe mmisiri.

M'mawa mwake mlonda wa payunivesite anawalozera ofesi yosunga mapepala a ophunzira. Panali windo lokhala ndi zitsulo, ndi mzere wa anyamata ndi atsikana ogwira mafoni. Kudzera pazitsulozo a Eusébio anaona makabati kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo m'kabati imodzi yotsegula munali mafayilo othinana ngati fodya m'chigafa. Mayina onsewo. Anakumbukira chala chija chonyambitidwa, n'kufuna kutuluka pamzere, koma kumbuyo kunali kutadzaza kale.

Pawindopo panali mayi wa magalasi amene ophunzira ankamutcha Dona Flávia. A Eusébio anayamba ndi Chipwitikizi chawo, chimene ndi chokwanira kugulira mabelingi a njinga basi. Mayiyo anamvetsera pang'ono n'kumwetulira.

"Lankhulani chathu, bambo. Ine kwathu ndi ku Molumbo."

Wina akanasangalala kupeza wakwawo kutali chonchi. A Eusébio anaona kuti zathera pomwepo. Wa ku Molumbo ndiye kuti ali ndi azakhali ku Milange, azakhaliwo amagula nyemba kwa Silvestre. Atafunsidwa dzina la wophunzirayo anati Belinha, kenako anadziluma lilime n'kunena kuti Dulce, Dulce, Belinha ndi mbuzi ya kunyumba. Anafotokoza kuti iwo ndi bambo ake, abwera kudzaona mapepala a mwana wawo, kungoona basi, n'kukweza kathumba ka nyemba kukaika pawindo.

Dona Flávia sanatembenukire n'komwe ku makabati. Anakankha kathumbako pang'onopang'ono ndi nsonga ya cholembera mpaka kanabwerera m'manja mwa eni ake. Ananena modekha kuti ophunzira a pano ndi anthu akuluakulu, ndipo pa ofesi ino zolembedwa za munthu saonetsa wina, kaya ndi zotsatira za mayeso, kaya ndi pepala la kubadwa, pokhapokha mwini wake atabwera yekha kapena atalemba chilolezo ndi dzanja lake.

"Koma ndine bambo ake. Ndinamubereka ndine."

"Sindikukana, bambo. Koma pawindo pano aliyense amakhala bambo kapena malume. Kabati iyi imatsegulidwa ndi mwini dzina."

Mwini dzina. A Eusébio anaona dothi lofiira la ku Majaua, ndi fosholo ya Silvestre ikusalaza pamwamba. Anafunsa ngati pabwera munthu wina kudzafunsa za mwana yemweyu. Mayiyo anati ngakhale zimenezo sangawauze. Anawapempha kuti akakhale pa benchi panja. Ngati alipo wophunzira wa dzina limenelo amutumizira uthenga, ndipo akafuna abwera yekha.

Pa benchi imeneyo a Eusébio anakalamba. Kwa iwo nkhani inali yoonekeratu: munthu amabisa chinthu chikakhala kuti chaipa. Akanakhala kuti mapepala ali bwino, bwenzi atawaonetsa. Ndiye kuti Silvestre anapereka tambala, anatenga pepala, ndipo fayilo ya mwana yalembedwa kale ndi inki yofiira. Mawu akuti dikirani panja ankawadziwa bwino. Amanenedwa poitana apolisi. Mlonda akasuntha, iwo ankagwira m'mphepete mwa benchi. Anayeza ndi maso mtunda wokafika pageti, n'kuona kuti ndi jekete ndi nyemba sangafike. Komanso akathawa, mwana atsala ndi ndani? Anakhala. Dzuwa linasuntha, mthunzi unawasiya, iwo osasuntha.

Amene anabwera sanali wapolisi. Anali Belinha, mabuku pachifuwa, akuyenda mofulumira ngati mayi ake. Anagwada pang'ono popereka moni, anafunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta, ndipo atamva kuti onse ali bwino anakhala pambali pawo.

"Ababa, sabata yatha anandiitananso pawindo lomweli. Akuti kunabwera malume anga. Ine malume anga ndimawadziwa, sayenda ndi tambala."

Anafotokoza kuti Dona Flávia anamubweza Silvestre monga anawabwezera iwo. Silvestre anakweza mawu, anatchula anthu akuluakulu amene amadziwana nawo, tambala anapulumuka n'kuthamanga m'khonde, mlonda anawatulutsa onse awiri. Tambalayo ayenera kuti anadyedwa pa siteji ya basi. Pepala sanaone ngakhale ngodya yake.

A Eusébio anafunsa kawiri ngati akunena zoona. Kenako anayang'ana windo lija, ndi zitsulo zake, ndi mayi wa magalasi akudinda mapepala a ena. Chitseko chimene chinawakana iwo ndi chomwecho chinakana Silvestre. Pa moyo wawo wonse anali asanamvepo za ofesi imene ntchito yake ndi kutseka pakamwa. Mpweya umene anausunga kuyambira ku Milange unatuluka. Koma sunathe kutuluka wonse, chifukwa Belinha anali asanamalize.

"Tsopano mundiuze. M'mapepala anga muli chiyani, choti amuna awiri akuluakulu achoke ku Milange, wina ndi nkhuku, wina ndi nyemba?"

Bambo ake anayesa kunena za Ednilson. Belinha anati za Ednilson akuzidziwa, koma Ednilson sali m'kabati. Anayesa kunena kuti anangomusowa. Mwanayo anangowayang'ana. Pamenepo a Eusébio anaona kuti mantha amene anabwera nawo anali aang'ono. Apolisi akanawamanga manja okha. Uyu akanatha kuimirira n'kuchoka, osadzawatchanso ababa.

A Eusébio ananena, maso ali pa kathumba ka nyemba. Ananena za gulu lolembetsa ana ndi anyani a kumunda, za dzinja limene mvula inadula msewu, za manda opanda mtanda, za geti limene anabwererapo katatu, za chitini cha mabisiketi. Sanawanamizire mayi Armanda. Anati akanakhala mwamuna wolimba mtima akanalowa pageti paja, ndipo mwana aliyense akanakhala ndi pepala lake.

Belinha sanalire. Kenako anafunsa ngati mkulu wakeyo ankafanana naye. Iwo anati anali ndi mphumi yomweyo, koma ankaseka kwambiri. Anafunsanso kuti ndiye iyeyo ali ndi zaka zingati zenizeni, ndipo atamuuza anapukusa mutu.

"Ndiye anthu akhala akundinena kuti ndine wamfupi pachabe."

Anaimirira n'kupita pawindo. A Eusébio anamuona akutulutsa khadi lake, akulemba papepala, ndipo Dona Flávia anapita ku kabati n'kubwera ndi fayilo yopyapyala. Mtsikanayo anaiwerenga ataimirira, tsamba ndi tsamba, osafulumira. Pa tsamba lina anaima nthawi yaitali, chala chili pamzere umodzi. Anaitseka, anaibweza, anathokoza. Atabwerera pa benchi, bambo ake anafunsa monong'ona kuti mwalembedwa zotani, ndiponso ngati angawapemphere kuti aone nawo pang'ono.

"Ayi, ababa. Dzinali munandipatsa osandifunsa. Koma zimene zalembedwa pansi pake ndalemba ndine. Ndi zanga."

A Eusébio anamukumbutsa kuti Silvestre pakamwa ali napobe, ndipo akhoza kulemba kalata. Belinha anati pakamwa popanda pepala ndi mphepo, ndipo za Silvestre amusiyire iye. Anatenga kathumba ka nyemba, n'kunena kuti izi zokha ndiye walandira, anawaperekeza kokwerera basi, koma sanawagwire dzanja potsanzika. A Eusébio anafika ku Milange osadziwa ngati mwana akadali naye. Miyezi iwiri foni inkalira kwa mayi ake okha.

Pa tchuthi cha Disembala Belinha anabwera. Tsiku lachiwiri anavala bwino n'kupita pa sikelo ya Silvestre, nthawi imene alimi amakhala atadzaza ndi matumba awo. A Eusébio anamutsatira chapatali. Tsono pamalire pano palibe amene sadziwa kuti nthawi ya feteleza wotsika mtengo tsidya lija, Silvestre amaoloka mlatho n'kukasanduka munthu wina, wa dzina lina, khadi lina ndi mudzi wina. Onse amadziwa, palibe amanena. Belinha anagwada mwaulemu wonse pamaso pa anthu.

"Muli bwanji, a Sailesi Makwinja? Ndamva munadzandiona kusukulu, pepani sitinakumane. Kodi ku Limbuli chaka chino mwalandira kale?"

Silvestre anayang'ana muvi wa sikelo ngati akuuona koyamba. Anayankha kuti ali bwino, kaya iye. Mlimi wina anatsokomola, wina anayang'ana kumwamba kufuna mvula. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Patapita sabata Silvestre anabwera pansi pa mango ndi njinga yophulika zenizeni, analankhula za mtengo wa nyemba, analipira osanenerera, n'kumapita. Za buku la katekisita sizinamvekenso.

Chisanathe chaka Belinha anawauza makolo ake kuti amutengere ku Majaua. Anapita atatu pa njinga ziwiri. Mandawo anawapeza movutikira, mayi Armanda ndi amene anakumbukira mtengo wa msuku umene unali chakumutu. Belinha analambula yekha ndi khasu lobwereka, osalola kuthandizidwa. A Eusébio anali atabwera ndi mtanda umene anapanga ndi mapaipi a felemu ya njinga, wopaka utoto woyera, wakuti chiswe chikaluma chithyoke mano. Anali ndi kabotolo ka utoto wakuda m'thumba, ndipo mtanda utaima anafunsa mwana wawo kuti alembepo chiyani.

Belinha anati asalembe kanthu panopa. Akamaliza sukulu adzafunsa odziwa malamulo, kenako adzapita yekha ku ofesi ya kaundula kukanena zonse monga zinachitikira, kuti aliyense atenge dzina lake. Kaya adzamuvutitsa, kaya adzamumvetsa, adzaona komweko, koma nkhaniyo idzatuluka pakamwa pake, osati pa Silvestre. Tsiku limenelo adzafuna mboni ziwiri.

"Imodzi ndi amayi. Inayo ndinu, ababa. Ndipo ulendo uno mudzalowa pageti."

Pobwerera anakwera pa kaliya ya bambo ake, atawagwira malaya m'chiuno monga ankachitira ali wamng'ono.

Tsopano Belinha watsala ndi chaka chimodzi kuti amalize sukulu. A Eusébio abwerera pa ntchito yawo, zigamba zikugweranso pa bowo. Anzawo akabwera ndi envulopu yabodza sipanala imagwabe, koma masiku ano amaitola msanga. Kabotolo ka utoto wakuda kali m'bokosi la masipanala, ndipo mwezi uliwonse amakatsegula n'kuthiramo kadontho ka palafini kuti kasaume. Madzulo ena akaweruka amadzera njira yaitali yodutsa ku ofesi ya kaundula. Amatsika panjinga, amaima pageti, amawerenga mawindo. Sabata yatha mlonda wa pamenepo anatiuza kuti anaponda phazi limodzi m'kati.